Undijambulire bambo ako

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 47, ndipo chino ndi chaka changa chachisanu ndi chinayi ndili kunja kwa dziko lathu. Kalata ino ndailemba kanayi n'kuing'amba, chifukwa vuto langa ndikaliika papepala limaoneka ngati la munthu wokhuta. Ntchito ndili nayo, mkazi ndili naye, denga silidontha. Koma dzanja langa lafa, ndipo amayi anga kumudzi akudikira chinthu chimene dzanja lakufalo liyenera kupanga.

Kwathu ndinali wojambula. Ndinkalemba zikwangwani za masitolo ndi malo ometera, koma chimene mtima wanga unkakonda ndi nkhope za anthu. Munthu ankakhala pampando ola limodzi n'kuchoka ndi nkhope yake pachinsalu, ena akudandaula kuti ndawakulitsa mphuno, chonsecho mphunoyo anabwera nayo okha. Ndinkalizanso gitala. Sindinali katswiri, koma ndikayamba kuimba anthu sankabalalika.

Bambo anga anali telala. Makina awo, opalasa ndi phazi aja, ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo ine ndinkapentera zikwangwani zanga pakhonde lomwelo, kumbuyo kwawo, kwa zaka khumi ndi chimodzi. Ankanditcha a Burashi. "A Burashi, sunthani zitini zanuzo, mundidetsera diresi la eni ake." Akamasoka ankaimba. Nyimbo yake inali imodzi yokha, yopeka okha, yoyenda ndi phazi: phazi likathamanga nyimbo ithamanga, msoko ukafika pokhota nyimbo ichedwa. Mawu okha ndi amene ankasintha, malinga ndi chovala chimene chili pamakina. Likakhala thalauza lofunika kukulitsa, mumva, "Mwini thalauza wanenepa, tepi sinama, tepi sinama." Ikakhala yunifolomu ya mwana wasukulu, "Kula msanga, kula msanga, mpendero ndakusiyira." Amayi akamabweretsa chakudya masana ankayamba aima pakona ya sitolo, mbale ili m'manja, kumvetsera kuti lero akunyozedwa ndani.

Kunoko ndimagwira ntchito m'chipinda chochapira zovala, m'nyumba yosungiramo okalamba. Chipindacho chili pansi pa nyumba. Zenera ndi limodzi, laling'ono, lapamwamba penipeni, moti anthu odutsa mumsewu ndimangowaona nsapato. Muli makina ochapira asanu, owumitsira atatu, ndi tebulo lalitali lositirapo. Makoma ndi oyera, nsalu zoyala pabedi n'zoyera, matawulo ndi oyera. Pobwera ndinkati ndigwira miyezi ingapo, kenako ndibwerere ku burashi. Miyezi ija yabala zaka.

Bambo anatisiya zaka zitatu zapitazo. Kumaliro sindinapite. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo ndikanachoka sindikanaloledwanso kubwerera. Nkhani ya imfa yawo inandipeza ndikupinda matawulo. Ndinamaliza kupinda mulu wonse, kenako ndinakakhala pamasitepe.

Iwo ankadana ndi kamera. Ankati telala amadziwika ndi msoko, osati nkhope. Chithunzi chawo chokhacho ndi cha pachiphaso, chaching'ono ngati chikhadabo, chofufuma ndi thukuta la m'thumba. Ndipo ine, amene ndinajambula nkhope za anthu mazanamazana, bambo anga sindinawajambulepo. Ndikawapempha ankati, "A Burashi, ine ndilibe ola lokhala chabe ngati bwana. Jambulani olova anzanuwo." Ndinkaseka, ndinkati nthawi ilipo.

Chaka chitatha chimwalirireni bambo, mlongo wanga wamng'ono, amene amakhala ndi amayi, anawapatsira amayiwo foni ine nditaimba. Mawu awo ndikuwakumbukira onse. Anati, "Iwe, nyumba ino yangoti zii. Ngakhale nkhuku zikuyenda monyang'ama. Undijambulire bambo ako aja, ndizikhala nawo muno masana." Ine ndinati, "Chabwino amayi, ndipatseni mwezi umodzi." Mwezi umenewo tsopano wakwana zaka ziwiri.

Aphungu, ndayesa. Ndinagula zinsalu ndi utoto wabwino umene kwathu ndinkangoumva mbiri. M'sitolo yake munali kachubu kolembedwa kuti mtundu wa khungu. Nditakafinya kunyumba unatuluka utoto wonga pamimba pa kamwana ka nkhumba. Ndinayamba kusakaniza wanga ngati kale, koma dzuwa la kuno limatuluka ngati lobwereka, ndipo khungu limene usana wakwathu likanawala, kuno limangokhala matope. Zinsalu zakwana khumi ndi chimodzi, zatsamira khoma m'chipinda chathu chogona. Choyamba chinatuluka nkhope ya dalaivala wa basi imene ndimakwera. China chinafanana ndi nkhalamba ina ya kuntchito kwathu. China chinali ine ndemwe, nditakalamba.

Chondipweteka n'chakuti bambo sindinawaiwale. Ndikatseka maso ndimaona kumbuyo kwa khosi lawo, tepi itapachikidwa pamenepo. Ndimaona phewa lamanja lotsika kuposa lamanzere, kolala yotha m'mphepete, chidendene chong'aluka chili pachopalasira, choko atachipanira kukhutu. Zonsezi ndingazijambule ndi dzanja lamanzere. Koma nkhope ikukana. Ndikati nditembenuze mutu uja undiyang'ane, zonse zimasungunuka.

Anthu andipatsa nzeru zambiri za kumene luso limabisala. Ndinapita kunyumba yaikulu yoonetsera zithunzi, ndinayenda m'zipinda zake tsiku lathunthu, ndinatulukamo ndi mapazi opweteka komanso manyazi. Ndinakhalapo kupaki ndi pensulo, ndinangojambula benchi. Ndinalembetsa kalasi ya Loweruka. Mphunzitsi wake, mayi wamtima wabwino ndithu, anandiuza kuti, "Jambula kwanu, ndamva kuti kuli mitundu yowala kwambiri." Ndinamujambulira dzuwa lofiira ndi mitengo yakuda. Kalasi yonse inaomba m'manja. Sindinapitenso, chifukwa kwathu kumene ndinajambulako sindinakhaleko ngakhale tsiku limodzi.

Gitala ali pansi pa bedi. Mwezi woyamba nditafika ndinamuliza kamodzi, mnansi wa chipinda chinacho anagogoda khoma ndi mtengo wa tsache. Kuyambira tsiku limenelo sindinamukhudze. Nsambo zachita dzimbiri. Chodabwitsa n'chakuti mnzanga wa kuntchito, mayi wina wochokera dziko lakutali ngati ine, amandinena kuti ndimaimba mong'ung'udza tsiku lonse. Akuti nyimbo yake ndi imodzimodzi, makina akathamanga nanenso ndithamanga. Tsiku lina anati, "Mzanga, wailesi yako ilibe siteshoni ina?" Ine sindidzimva n'komwe. Mwina ndi mutu ukuyamba kuwonongeka.

Tsopano nthawi yanditsinira. Maso a amayi anachita ng'ala. Pamene ankandipempha zija anali atayamba kale kuona mwachimbuuzi, lero akuti amangoona mithunzi. N'chifukwa chake ndakhala ndikugula zinsalu zokulirakulira, kuthamangitsana ndi ng'alayo. Mayi a kunyumba kwanga atopa nazo. Sabata yatha anati, "Bambo, zinsaluzi zatilanda chipinda, ndikumavalira kubafa. Tumizani nkhope yachisanu ndi chiwiri ija, ili bwinoko. Amayi sakazindikira n'komwe." Tinatha masiku awiri tikungopatsana moni ngati anthu okumana pamsewu.

Mwezi watha mlongo wanga anaimba foni ali panja, kuti amayi asamve. Anati, "Achimwene, mayi anu afooka. Adokotala akuti ndi mtima. Tsiku lililonse akundifunsa kuti, kodi sanatumizebe? Zinthu zake si zimangolowa mufoni momwemu masiku ano?" Ndinamuuza kuti awafotokozere kuti chinsalu sichilowa mufoni, ndipo kachithunzi ka pafoni maso awo sangakaone. Asanadule anawonjezera kuti, "Ndiponso musamaseke kwambiri mukamalankhula nawo. Mukaseka amatembenukira kuchitseko. Kenako tsiku limenelo salankhulanso."

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi luso limatha munthu akachoka kwawo? Ngati silitha, ndikalipeza kuti m'dziko la eni ake, m'chipinda choyera chimene ndimaonamo nsapato zokha? Nditumize nkhope yabodza kwa mayi wosaona? Kapena ndiwauze kuti mwana wawo wojambula uja walephera kujambula bambo ake omubala? Ndikuopa kuti foni ina ibwera ndisanasankhe.

T. B. N., tauni ina yozizira, kutsidya kwa nyanja zazikulu

*

A Burashi,

Ndiloleni ndikuitaneni ndi dzina limene bambo anu anakupatsani, chifukwa ndi limene likukukhalani. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Kawiri koyamba ndinawerenga ndi maso, ndinangokumverani chisoni. Kachitatu ndinawerenga mokweza, ndipo ndi pamene ndinamva chimene ndikuganiza kuti inu simunamve.

Bwererani ku mawu a amayi anu. Sananene kuti khoma lili mbee. Anati nyumba yangoti zii. Chithunzi, chikongole bwanji, sichithetsa zii. Mayi amene maso ake anali atayamba kale kuchita mdima akupempha chinthu choti azikhala nacho masana, nthawi imene makina aja ankalira. Akufunsa ngati chalowa mufoni. Mukaseka amatembenukira kuchitseko, chifukwa kukhosi kwanu kumatuluka mwamuna wawo.

Chichewa chathu chinaika ntchito zitatu m'mawu amodzi. Wa burashi amajambula. Wa kamera amajambula. Wogwira mawu ndi nyimbo kuti zimvekenso mawa, nayenso amajambula. Inu ndinu munthu wa burashi, ndiye khutu lanu linathamangira ku utoto, monga mmene mmisiri wa matabwa akamva kuti mwendo wathyoka amayamba waganiza za tebulo. Koma amayi anu ndi a m'badwo wa makaseti. Ine ndili mwana, amalume anga ankagwira ntchito kutali, ndipo sankalemba makalata chifukwa akazi awo sankawerenga. Ankajambula mawu pakaseti n'kupatsira munthu wobwera kumudzi. Akazi awowo ankaika wailesi pampando, ngati mlendo, n'kukhala pansi moyang'anizana nayo. Amalume akafunsa m'kasetimo kuti, "Kaya mbuzi ija inaswa?" iwo ankayankha kuti, "Inaswa, awiri." Kaseti imeneyo inalira mpaka inatafunika. Kwa mayi wa msinkhu umenewo, kujambula munthu amene sali pafupi ndi kumeneko.

Ndikhoza kulakwitsa, chifukwa amayi anu sindinakhale nawo pamphasa. N'chifukwa chake ntchito yoyamba si ya burashi kapena gitala. Imbani foni lero, kukadali kowala kwawoko. Musatume mlongo wanu, mwatumana mokwanira. Iye awapatsire amayi foni, ndipo muwafunse mwachindunji kuti, "Amayi, muja munati ndikujambulireni bambo, mumanena nkhope kapena nyimbo ija?" Zaka ziwiri mwakhala mukulimbana ndi funso limene likanayankhidwa mpweya umodzi. Musadzimenye nazo. Mawu a mayi tonse timawamva ndi khutu la mantha athu.

Akati nyimbo, musapite kukagula nsambo zatsopano, musafunefune situdiyo, musadikire kuti mawu akhale bwino. Ndakuonani kale khalidwe lanu: mukapatsidwa mpata mugula zipangizo. Foni yanu ndi yokwanira. Pemphani akuluakulu a pantchito kuti pa nthawi yopuma mutsalire m'chipinda chochapiracho mphindi khumi. Ikani foni patebulo lositira, makina amodzi akuzungulira, ndipo muimbe. Mnzanu uja wakuuzani kale kuti nyimboyo muli nayo, ndiponso kuti imayenda ndi makina monga inkayendera ndi phazi la bambo anu. Mutu wanu sukuwonongeka. Nyimbo ya bambo anu inakwera nanu ndege, yakhala ikugwira nanu ntchito zaka zonsezi, inu nokha ndi amene simunaipatse moni.

Yambani ndi thalauza lija ndi yunifolomu ija, chifukwa amayi akuzidziwa. Kenako chitani zimene mwini nyimbo ankachita: yang'anani chimene chili patebulo, muchiimbe. Sokosi yotaya inzake. Malaya ogonera a nkhalamba imene mabatani ake amathothoka sabata iliyonse. Matawulo osatha aja.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lalikulu, loti luso mukalipeza kuti. Bambo anu anakhala pakhonde limodzi moyo wawo wonse, ndi nyimbo imodzi, ndipo mawu sanawathere. Sanapite kupaki kukafuna nzeru. Chilichonse chimene chinagwa pansi pa singano yawo chinali nkhani. Inu munaleka kujambula chifukwa munadziuza kuti zoyenera burashi zinatsala kwanu, ndipo za kuno ndi zongodikirira. Koma zaka zisanu ndi zinayi si podikirira basi, ndi moyo wa munthu. Zenera lanu la nsapato lija, ine ndikanakonda kuliona pachinsalu. Ndani wina amadziwa tauni yonse ndi zidendene zokha? Ndipo nsalu zoyera zimene mumapinda, ziyang'anitsitseni mawa m'mawa. Mwana wa telala akudziwa kuti yoyera yatsopano ndi yoyera yochapidwa kambirimbiri si mtundu umodzi. Dzuwa lobwerekalo nalonso lili ndi mitundu yake. Mwakhala mukulikwiyira chifukwa si lakwanu, simunalifunse kuti limatha chiyani.

Za nkhope ya bambo anu, lekani kuutembenuza mutu umenewo. Zaka khumi ndi chimodzi munakhala kumbuyo kwawo. Bambo amene inu mukuwadziwa ndi khosi lija, tepi, phewa lotsika, choko kukhutu. Si kuti mwaiwala nkhope. Mukufuna kujambula munthu amene sanakukhalireni pampando, ndipo dzanja lanu, poti ndi loona mtima, likukana kunama. Ajambuleni chakumbuyo, ali pamakina, osakuyang'anani, monga ankakhalira. Aliyense wowadziwa akadzaona phewa limenelo adzati, awa ndi atelala aja. Chimenecho mujambule mosathamanga, ndi chanu ndi mlongo wanu.

Ndinenenso china chimene simunandifunse. Simunapite kumaliro, ndipo ndikuona ngati zinsalu khumi ndi chimodzizo mwazisandutsa chilango. Mukufuna chithunzi changwiro choti chilipire ulendo umene simunayende. Palibe chithunzi chotero. Amene anakusiyirani nyimbo yonyoza thalauza la munthu wonenepa sanali munthu wosunga mlandu.

Nkhope yachisanu ndi chiwiri ija musatumize. Mayi wosaona amanamizika, koma inu mudzakhala nalo bodzalo iwo atapita. Komabe mayi a kunyumba kwanu musawasungire mawu aja. Munthu amene wapirira zaka ziwiri mpaka kumavalira kubafa, osataya chinsalu ngakhale chimodzi si mdani wa luso lanu. Auzeni zimene mwandiuza inezi, chifukwa ndikukayika ngati munawauzapo zonse. Zinsaluzo muzipake utoto woyera, zikhale zoyambirapo zatsopano, ndipo muwabwezere chipinda chawo.

Amayi akayankha kuti ayi, ndinkanena nkhope, auzeni zoona: nkhope yakana, koma msana ndi nyimbo zilipo. Ndikukayika ngati angakane.

Chenjezo langa ndi ili. Mawu anu ndi a bambo anu, ndipo mtima wa amayi ndi wofooka. Musawadzidzimutse. Poyamba kujambula nenani bwinobwino kuti, "Amayi, ndine mwana wanu, ndikuimbireni nyimbo ya bambo." Mlongo wanu akhale nawo pafupi pomvera koyamba, ndipo likhale dzuwa lili pamutu, iwo atadya. Musayese kusintha mawu kuti mufanane kwambiri ndi bambo anu. Mmene mulili mwafanana kale mokwanira kutembenuza mayi wokalamba kuchitseko. Mawu akasasa, kapena mukalira pakati, musafufute n'kuyambiranso. Mukayamba zofufuta mudzakhala ndi nyimbo khumi ndi imodzi zotsamira khoma. Tumizani yoyambayo, tsiku lomwelo. Ng'ala mwathamangitsana nayo ndipo yakupambanani, isiyeni. Makutu akadali otseguka, koma adokotala anena kale za mtima, ndipo sabata yamawa si yanu kapena yanga.

Mukafika pa "tepi sinama", musafulumire. Pamenepo msoko umakhota. Amayi anu adzakhala ataima pakona ya sitolo, mbale ili m'manja, akumvetsera kuti lero akunyozedwa ndani.

Aphungu